Miyoyo Itatu Ndi Yokwana

Ndinenepo maganizo anga pa nkhani imene yabvuta pa sukulu pano kuyambira mlungu wacitatu wa teremu ino. Tonse tinamva Lolemba lija pamene Aphunzitsi Akuru anatiuza pa msonkhano wa m'mawa kuti makina a masewero amene anali m'holo yodyera atsekeredwa mu ofesi, ndi kuti msonkhano wa aphunzitsi ndiwo udzaweruza ngati adzaturukanso kapena iai. Anyamata ambiri anang'ung'udza, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakweza dzanja. Ine ndemwe sindinakweze, cifukwa ndinali ndi kanthu kondiluma mumtima, kamene ndikaulule m'munsimu. Tsopano ndalimba mtima, ndipo ndinena poyera kuti makinawo abwerere, koma abwerere ndi malamulo.

Poyamba ndifotokozere aphunzitsi athu za sewero lenilenilo, pakuti ambiri a iwo amangomva phokoso lokha akamadutsa pa zenera Loweruka masana. Dzina lace ndi Contra. Linapangidwa ku Japan ndi kampani ya Konami m'caka ca 1987, ndipo poyamba linali m'makina akuru oimirira ngati kabati ya mbale, amene munthu ankaponyamo ndalama yacitsulo kuti asewere. M'caka ca 1988 analiika m'kaseti ya kamakina ka m'nyumba ka Nintendo, ndipo mtundu umenewu ndiwo tiri nao ife kuno. Cotero sewerolo linalipo kale ife tonse tisanabadwe, ndipo ndiyesa kuti lipambana msinkhu ngakhale aphunzitsi athu ena. Wosewera amayendetsa kamsilikali, Bill Rizer kapena mnzace Lance Bean, kamene kamathamanga kucokera kumanzere kunka kumanja, nikalumpha pa matanthwe, nikagona pansi kuti zipolopolo zipitirire pamwamba, nikaomba adani amene amaturukira mbali zonse. Magawo ace alipo 8. Loyamba ndi nkhalango, mmene muli milatho imene imaphulika munthu ali pakati pace. Lacitatu ndi mathithi, kumene suthamanganso cammbali koma ukwera m'mwamba, thanthwe ndi thanthwe, ndipo kumeneko ndiko timathera ambiri a ife.

Cimene cimacititsa sewero ili kukhala lobvuta ndi ici: munthu amayamba ndi miyoyo itatu yokha. Kacipolopolo kamodzi, kakang'ono ngati njere ya mapira, kakangokukhudza, moyo umodzi wapita, ndipo mfuti yabwino imene unaibvutikira yapita nao pamodzi. Iripo mfuti ina ya cilembo ca S imene imamwaza zipolopolo zisanu monga zala za dzanja lotambasula, ndipo aliyense amene anaitayapo mopusa adziwa kuwawa kwace. Kubvuta kumeneku sikunabwere mwangozi. Eni makina oponyamo ndalama aja sanafune kuti munthu mmodzi akhale pamenepo tsiku lonse ndi ndalama imodzi. Anafuna kuti afe msanga, aponyenso ina kapena apatse malo mnzace. Koma kuti wogonjayo asacokeretu, panafunika kanthu komkoka kuti abwerenso, ndipo kanthuko ndi mapointi. Sewero la Space Invaders, limene Tomohiro Nishikado anapanga m'caka ca 1978, linkaonetsa pamwamba ciwerengero ca amene anapambana onse, kuti wobwera pambuyo ayese kucipyola. Caka cotsatira, 1979, sewero la Asteroids linalola anthu 10 opambana kulemba zilembo zitatu za maina ao. Kuyambira pamenepo munthu sankalimbananso ndi makina okha. Ankalimbana ndi mnzace amene anacoka kale, amene mwina sadzamuona nkhope.

Kamakina kathu kali ndi cilema cimodzi: sikakumbukira. Magetsi akangothima, kapena pulifekiti akazimitsa TV nthawi ya cakudya camadzulo, zonse zafufutika, ndipo tsiku lina galasi lionetsanso 20,000, ciwerengero cimene eni ace anaikamo ku Japan. Cifukwa ca ici mnyamata wina amene anatsiriza Fomu 4 caka catha anagula kope ndi ndalama zace, nalemba mizere ndi rula: dzina, kalasi, tsiku, mapointi, ndi malo a mboni. Popeza mapointi saoneka pamene munthu ali kusewera, koma pakati pa magawo ndi pamapeto pokha, mboniyo iyenera kuwerenga ndi maso ace miyoyo ikatha, nisaina. Kope limeneli, lothimbirira ndi msuzi wa nyemba, ndilo ndiri kulirira koposa makina enieniwo.

Ndinene cifukwa cace. Pa sukulu yogonera pompo mwana wa Fomu 1 ali wotsiriza pa zonse. Pa mzere wa nsima ali kumbuyo, ku bafa amapeza madzi atatha, kusesa ndi kwace, ndipo ku bwalo akangolanda mpira kwa wamkuru amagwetsedwa ndi phewa. Tonse tinadzera m'menemo, ndipo ena a ife tiyesa kuti ndi mwambo. Koma makina sadziwa Fomu. Safunsa ngati uli ndi ndebvu kapena iai, kapena kuti atate ako agwira nchito yanji. Pamwamba pa kope lathu, kuyambira teremu yatha, pali dzina la mwana wa Fomu 1 wocokera kumudzi, amene anali asanagwirepo padi cibadwire. Milungu iwiri yoyamba sanasewere konse. Anangokhala pa mpando wa kumbuyo, nayang'ana, nasunga mumtima malo amene mdani aliyense amaturukira, pakuti m'sewero ili adani ambiri amaturukira malo omwewo nthawi zonse. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi usanathe analemba 87,400, ndipo anyamata a Fomu 4 anaimirira kumbuyo kwace ali cete, mpaka wina anafunsa kuti, "Iwe, pa mathithi paja umalumpha bwanji?" Ine sindinaonepo malo ena pa sukulu pano pamene wamkuru afunsa nzeru kwa mwana wa Fomu 1.

Tsono mlungu wacitatu uja tinapeza mzere watsopano m'kope: 214,600, dzina la mnyamata wa Fomu 4, ndipo mboni inali mnzace wogona naye cipinda cimodzi. Mwana wa Fomu 1 uja ananena motsitsa mau kuti iye anali pa khomo, ndipo anaona pa galasi kuti miyoyo yotsala inali yoposa 20. Sanatsirize n'komwe, analandira mbama. Ena anaimirira kumteteza, ena anaimira wamkuruyo, cingwe ca padi cinakokedwa uku ndi uku mpaka cinaduka, ndipo phokoso linafika kwa aphunzitsi oyang'anira zogona. Zotsatira zace mukuzidziwa nonse.

Kodi munthu angakhale bwanji ndi miyoyo yoposa 20 pamene tanena kuti iri itatu? Pali cinsinsi, ngati n'kuyenera kucichula cinsinsi cinthu cimene dziko lonse licidziwa. Sewero lisanayambe, munthu akadina mabatani 10 motsatana bwino, m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, kenaka B ndi A, amalandira miyoyo 30. Anayambitsa zimenezi ndi Kazuhisa Hashimoto, wanchito wa Konami, m'caka ca 1986. Iye anapatsidwa nchito yosamutsira sewero lina, la Gradius, m'kamakina ka m'nyumba, ndipo linamkanika kulisewera kufikira kumapeto kuti aone ngati zonse ziri bwino. Cotero anadzipangira njira yacidule yodzipatsa mphamvu, ndipo njirayo inatsalira momwemo pamene kasetiyo inapita ku msika. Pambuyo pace inaikidwanso m'masewero ena ambiri, kuphatikizapo Contra. Bamboyo anamwalira m'caka ca 2020, ndipo ine sindimuimba mlandu. Anali ngati mmisiri amene aika makwerero kuti afike pa denga limene ali kufolera. Koma wobwera pambuyo akakwera pa makwererowo, nauza anthu kuti anacita kulumpha, imeneyo ndi nkhani ina.

Apa ndipo ndiyenera kuulula kanthu kanga kaja. Teremu yatha, Loweruka lina pamene sukulu yonse inapita ku bwalo kukaonera mpira, ine ndinatsala m'holo, ndipo ndinadina mabatani 10 aja. Ndinalemba 79,000, nambala yaciwiri m'kope lonse. Mboni yanga inafika miyoyo itatha kale, niona ciwerengero cokha, nisaina, pakuti inandikhulupirira. Masiku awiri oyamba ndinakondwa ndithu. Koma pambuyo pace anyamata anayamba kundiitana kuti ndiwaonetse mmene ndinapyolera mathithi, ndipo ine ndinali kunama kuti cala canga catupa, kapena kuti ndiri ndi zobvala zocapa. Ndinafika poopa Loweruka, tsiku limene kale ndinkalilakalaka mlungu wonse. Cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo pamene mwana uja anamenyedwa cifukwa conena zoona, ine ndinali pomwepo, wa Fomu 3, wa msinkhu wokwanira kuleretsa, koma pakamwa panga panauma, popeza ndinadziwa kuti mzere wanga uli m'kope lomwelo. Lolemba lomwe lija madzulo ndinapita kwa pulifekiti wa zosangalatsa, amene akusunga kopelo, ndipo ndinaufufuta ndi dzanja langa iye akuona. Ciwerengero canga coona ndi 41,300, ndipo ndiri nambala 11.

Anzanga ena akuti, "Nanga cinyengo ciri pati, poti eni sewero anaikamo okha?" Ndiwayankha motere. Munthu akafuna kusewera ndi miyoyo 30 kuti aone cimene ciri kumapeto, palibe colakwa. Ine ndemwe ndifuna kuona gawo lotsiriza ndisanacoke pa sukulu pano. Koma kope si lolembamo amene aona zambiri. Ciwerengero ca m'kope cikhala ndi tanthauzo pokhapo pamene onse anayambira pa mzere umodzi. Pa mpikisano wa liwiro wa mamita 100, wina akayambira pa mamita 70, nafika poyamba, kodi timpatsa mphotho? Aphunzitsi athu aidziwa bwino nkhani iyi kuposa ife, pakuti ndiyo nkhani ya likasa m'cipinda ca mayeso: 80 wa wobera saononga pepala lace lokha, koma amacepetsanso 60 wa mnzace amene anagona mocedwa akuwerenga. Ndipo tisayese kuti ndi ife ana tokha amene timakangana pa zotere. Ku America kuli bungwe la Twin Galaxies, limene Walter Day anayambitsa m'caka ca 1981, ndipo nchito yace ndi yomweyo ya kope lathu, kusunga mapointi a opambana. M'caka ca 2018 bungweli linacotsa mapointi a Billy Mitchell, katswiri wochuka wa Donkey Kong, litaweruza kuti zithunzi zimene zinali umboni wace sizinajambulidwe pa makina enieni a sewerolo. Iye anakana, a Guinness World Records anambwezera mbiri yace m'caka ca 2020, nkhani inalowa m'bwalo la milandu, ndipo iye ndi bungwe lija anagwirizana m'caka ca 2024. Ngati akuruakuru andebvu anatha pafupifupi zaka 6 akukangana za umboni, tisadabwe kuti ife tinalephera ndi mboni imodzi yogona cipinda cimodzi ndi wosewera.

Tsopano ndifike pa madandaulo a aphunzitsi, amene sindiwapeputsa. Loyamba ndi la nthawi. Iwo akuti maola awiri a Loweruka sathera Loweruka, koma amakhala m'mutu mwa mwana mlungu wonse. Izi n'zoona, ndipo mboni ndine. Teremu yatha masamu anga anatsika kucokera pa 68 kufika pa 51, ndipo kumbuyo kwa kope langa la masamu kuli mapu a mathithi amene ndinajambula nthawi ya pulepu. Bungwe la World Health Organization nalonso linabvomereza m'caka ca 2019 kuti kukonda masewero a mtundu uwu kungasanduke matenda, pamene munthu alephera kudziletsa, nasiya zina zonse za moyo wace kwa miyezi 12 kapena kuposa. Koma taonani kusiyana kwace. Kuti munthu afike pamenepo ayenera kukhala ndi makina pafupi usiku ndi usana. Ife tiri ndi makina amodzi, maola awiri, ndi mzere wautali wa odikira. Wamwai amagwira padi kamodzi pa mlungu, ndipo ambiri timafa mphindi 5 zisanakwane. Ndiponso makinawo akatsekeredwa, cilakolako sicitsekeredwa nao pamodzi. Tonse tidziwa kuti pa msika wapafupi pali tinyumba ta masewero olipira, ndipo tidziwanso mbali imene mpanda wa sukulu uli waufupi. Kodi cabwino n'citi, kuti mwana asewere m'holo, pulifekiti akuona ndipo belu liri pafupi, kapena kuti adumphe mpanda ndi ndalama ya sopo m'thumba?

Dandaulo laciwiri ndi la mfuti. Amai athu ophunzitsa Baibulo ananena m'kalasi kuti sewero la kuombana silingabale mtendere, ndi kuti mbama ija ndiyo cipatso cace. Sali okha m'maganizo amenewa. Pamene kaseti ya Contra inapita ku Europe m'caka ca 1990, anaisintha dzina kukhala Probotector, ndipo asilikali aja anawasandutsa maloboti, cifukwa ca malamulo a ku Germany oteteza ana ku zithunzi za anthu akuphana. Ine ndikanakondwa tikanakhala ndi kaseti imeneyo, pakuti kulumpha ndi mapointi ndi zomwezo. Koma pa za mbama ndipempha kusiyana nao mwaulemu. Mbama ya wa Fomu 4 pa tsaya la wa Fomu 1 ndi yakale kuposa makinawo. Ine ndinalandira yanga zaka ziwiri zapitazo cifukwa ca ndowa ya madzi, makina asanabwere. Mnyamata uja sanamenye cifukwa anaona kamsilikali kakuomba mfuti; anamenya cifukwa mwana anamcititsa manyazi pamaso pa anzace. Tsono makina akatsekeredwa, wolangidwa ndani? Womenyayo watsala ndi miyezi yowerengeka, alembe mayeso ace a MSCE, azipita. Womenyedwayo ndiye alandidwa malo amodzi okha pamene dzina lace linali pamwamba, ndipo ana onse a Fomu 1 aphunzirapo kuti wonena zoona amatseketsa makina, namdana naye cifukwa ca cimeneco. Ndamva kale awiri akumnena comweco ku bafa.

Sindinena kuti sewero ili limaphunzitsa nzeru zakuya. Wonena zimenezo afuna kungokometsa mlandu. Koma kanthu kamodzi kanandidabwitsa. Mapointi a Contra sapyola 6,553,500, ngakhale munthu asewere kufikira mawa. Ndinafunsa aphunzitsi a masamu cifukwa ca nambala yacilendo yotere, ndipo anandiuza kuti ndilembe 2 kokwana 16, ndicurukitse onsewo. Ndinapeza 65,536. Anati kamakinako kamasunga mapointi m'timalo 16, ndipo kamalo kali konse kadziwa zinthu ziwiri zokha, 0 kapena 1. Cotero ukawerenga kuyambira pa 0, mathero ace ndi 65,535, ndipo popeza mapointi amayenda m'mazana, uonjezepo maziro awiri. Tsiku limenelo ndilo ndinamvetsa phunziro la ma indices, limene linandikanika teremu yonse.

Ena amatiseka kuti tiri kulirira sewero la agogo, la zithunzi za timabokosi, pamene kunja kuli masewero ooneka ngati kanema weniweni. Aseke. Koma adziwe kuti amisiri a makono, amene ali ndi makompyuta amphamvu, anabwerera dala ku mtundu womwewu: Cuphead, la abale awiri a ku Canada, Chad ndi Jared Moldenhauer, linaturuka m'caka ca 2017, ndipo Blazing Chrome, la kagulu ka JoyMasher ku Brazil, m'caka ca 2019. Onsewa ndi a kuthamanga, kulumpha ndi kuomba, ndipo onsewa sakhululukira wosasamala. Bawo nalonso ndi lakale, koma sindinamvepo munthu akuti lasukuluka.

Pempho langa kwa msonkhano wa aphunzitsi ndi ili. Makina abwerere Loweruka lokha, maola awiri omwewo. Kope likhale kwa pulifekiti, ndipo mzere usalowemo popanda mboni ziwiri za makalasi osiyana, zimene zinaona sewero kuyambira poyamba pamene galasi lionetsa miyoyo. Munthu asapyole mphindi 15, cifukwa alipo ena amene amaima malo amodzi osaopsa, namangoomba asilikali obwera osatha, kukama mapointi ngati ng'ombe pamene anzao ali pa mzere. Lamulo la nthawi lithetsa zimenezi popanda mkangano. Osewera asankhidwe Lacisanu madzulo mwa maere, osati mwa msinkhu. Wofuna miyoyo 30 asewere pamapeto, kope litatsekedwa. Ndipo amene malikisi ace atsika, aphunzitsi a kalasi lace akhale ndi mphamvu yomletsa padi kufikira atakwera; ndibvomera kuti lamulo limeneli liyambire pa ine.

Za padi yoduka cingwe ija, ife a Fomu 3 tasonkha kale ndalama, ndipo ziri m'manja mwa pulifekiti. Mzere wa 214,600 ukadalipo m'kope, pakuti pulifekiti akuti mwini wace ndiye ayenera kuufufuta. Ine ndidziwa mmene colembera cimalemerera pa nchito imeneyo, cotero sindichula dzina lace pano. Ndingomuuza kuti pulifekiti amapezeka m'holo madzulo ali onse belu la pulepu lisanalire, ndipo nthawi imeneyo simukhala anthu.

Wophunzira wa Fomu 3